Chipale chofewa cha pakhomo panu: kodi chaka chino chachulukadi?

Kumpoto kwa America ndi ku Canada, nyengo yozizira ikamatha, anthu ena amatsegula kope lomwe akhala akulembamo kuchuluka kwa chipale chofewa chomwe chagwa kuseri kwa nyumba. Akawonkhetsa amayang'ana avereji ya mzinda wawo n'kugamula kuti chaka chino chawonjeza kapena chachepa. Masamu ake ndi osavuta. Vuto limagona poti manambala awiriwo nthawi zambiri sanayezedwe mofanana, ndipo sanayezedwe malo ofanana.

Tiyambe ndi avereji. Bungwe la World Meteorological Organization limalangiza kugwiritsa ntchito zaka 30, ndipo zomwe zikugwira ntchito pano ndi 1991 mpaka 2020. Nthambi yoona zanyengo ku Malawi nayonso ikamati mvula yachepa kapena yaposa ya nthawi zonse, imayerekeza ndi avereji ya zaka zambiri chonchi. Ku America chaka cha chipale chimawerengedwa kuyambira 1 July mpaka 30 June, n'cholinga choti nyengo imodzi yozizira isaduke pakati. Amene wawonkhetsa kuyambira January mpaka December wasakaniza nyengo ziwiri.

Avereji si lonjezo. Ku bwalo la ndege la Logan ku Boston avereji ndi mainchesi 49.2, pafupifupi masentimita 125. Koma mu 2011–12 kunagwa mainchesi 9.3 okha, pomwe mu 2014–15 kunagwa 110.6. Zaka ziwiri zonsezi zinalowa mu avereji imodzimodziyo. Zaka zochepa za chipale chadzaoneni zimakokera avereji m'mwamba, choncho kupeza nambala yocheperako pang'ono si chachilendo.

Nkhani yaikulu ili pa kayezedwe. Oyeza ovomerezeka amapewa kuyeza pa kapinga, chifukwa udzu umanyamula chipale m'mwamba, rula n'kulowa mpaka pansi, nambala n'kukula. Sayezanso pa simenti, pa galimoto kapena pa khonde, poti malo amenewa amasunga kutentha ndipo chipale choyamba chimasungunuka chisanaunjikane. Amagwiritsa ntchito thabwa lafulati, lotalika masentimita 40 mpaka 60 mbali zonse, lopakidwa penti yoyera kuti lisatenthe ndi dzuwa. Liikeni pamalo athyathyathya, apambalambanda, kutali ndi khoma, mitengo ndi m'mphepete mwa denga. Zikani kamtengo kokhala ndi kansalu pambali pake. Thabwa loyera likakwiririka simungalipeze ndi maso, ndipo mukhoza kulipondaponda mukulifufuza.

Poyeza, imikani rula chilili mpaka ikhudze thabwa, ndipo werengani mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a inchi, monga 3.4, osangoti "pafupifupi 3". Yezani chipale chikangosiya kugwa. Chikagona usiku wonse chimatsendereka, ndipo mainchesi 6 a madzulo akhoza kutsika kufika pa 5 m'mawa popanda kusungunuka n'komwe.

Kusesa thabwa ndi kumene kumasokoneza ambiri. Lamulo la National Weather Service, nthambi yoona zanyengo ku America, ndi lakuti lisasesedwe koposa kanayi pa maola 24, ndiye kuti pazipita maola 6 pakati pake. Munthu wakhama amene amatuluka ola lililonse, kuyeza ndi kusesa, amapeza nambala yokokomeza, popeza sakupatsa chipale mpata wotsendereka. Amene amayeza kamodzi patatha masiku awiri amapeza yochepa. Awiriwa akhoza kukhala oyandikana nyumba koma makope awo n'kusiyana kwambiri pakutha pa nyengo. Mukasesa, thabwalo liikeni pamwamba pa chipale chakalecho. Likatsala pansi limakhala m'dzenje, ndipo mphepo imakokoleramo chipale chomwe sichinagwerepo.

Tsiku la mphepo yamkuntho thabwa lokha silidalirika. Yezani malo angapo pabwalo, kupewa milu yomwe mphepo yaunjika ndi malo omwe yaseseratu, kenako pezani avereji yake. Chipale chikamasungunuka chikangofika pansi, chimalembedwa ndi chilembo cha T, kusonyeza kuti chinagwa koma sichinayezeke, ndipo sichiwonjezera kalikonse pa chiwerengero. Tsiku lomwe munachokapo lembani kuti simunayeze. Kulembapo 0 n'kunamiza kope lanu lomwe.

Pali zinthu zitatu zomwe siziyenera kusakanizidwa: chipale chatsopano cha pa thabwa, kuya kwa chonse chomwe chili pansi, ndi madzi omwe ali m'chipalemo. Chowonkhetsa ndi choyambacho basi. Kuya kwa chapansi kumayezedwa kamodzi patsiku, ndipo mukakuwonkhetsa ndiye kuti mukuwerenga chipale chomwechomwecho tsiku ndi tsiku. Za madzi, anthu amakonda kunena kuti mainchesi 10 a chipale amatulutsa inchi imodzi ya madzi, koma chonyowa chimatha kutulutsa inchi kuchokera pa mainchesi 5, ndipo chouma ngati ufa chimafuna 20 kapena kuposa. Gulu la oyeza ongodzipereka la CoCoRaHS, lomwe linayamba ku Colorado mu 1998, limagwiritsa ntchito chiwiya choyezera mvula chapakamwa pa mainchesi 4. Nthawi ya chipale amachotsamo fanulo ndi kachubu kam'kati, amasungunula chomwe chagweramo ndi madzi ofunda oyezeratu, kenako n'kuchotsera madzi anathirawo.

Ngakhale mutayeza mosaphonya, malo amasiyana. Mzinda wa Worcester uli makilomita pafupifupi 65 kumadzulo kwa Boston, ndipo bwalo lake la ndege lili pamtunda wa mamita pafupifupi 300, kutali ndi mpweya wofunda wa kunyanja. Avereji yake imaposa mainchesi 70. Ku mzinda wa Buffalo kusiyanaku n'koposa. Mpweya wozizira ukadutsa pamwamba pa nyanja ya Erie isanaundane, chipale chimagwa m'kamzere kopapatiza. M'masiku ochepa a mu November 2014 ku Cowlesville, dera la kufupi ndi Buffalo, kunagwa mainchesi 88, pomwe ku bwalo la ndege la Buffalo kunagwa 16.9. Wokhala kumwera kwa mzindawo akamayerekeza kope lake ndi avereji ya ku bwalo la ndege akuyerekeza ndi dera lina.

Choncho sankhani siteshoni yoyezera zanyengo yapafupi yomwe ikufanana ndi kwanu pa kukwera kwa malo ndi kutalikirana ndi nyanja, ngakhale isakhale yotchuka. Ngati nyengo isanathe, yerekezani ndi avereji yofika tsiku lomwelo, osati ya chaka chonse. Gawani nambala yanu ndi avereji, chulukitsani ndi 100, mwapeza peresenti.

Njira yabwino koposa imafuna kudekha. Kwa zaka zosachepera zisanu, lembani nambala yanu pambali pa ya siteshoni ya chaka chomwecho. Tiyerekeze kuti zanu zonse pamodzi zakwana mainchesi 300, za siteshoni 250. Ndiye kuti pakhomo panu pamagwa chipale chochuluka ka 1.2 kuposa pa siteshoni. Ngati avereji ya siteshoniyo ndi 49.2, yanu ili cha m'ma 59. Chaka chomwe mwayeza mainchesi 55 chingaoneke choposa mukayang'ana nambala ya mzinda, pomwe pakhomo panu chachepa ndi mainchesi 4.