Kutenthetsa sikupha poizoni: chenjezo kwa amene mukudya zophika nokha masana

Ambiri amene mukugwirira ntchito kunyumba kuno ku Johannesburg munasiya kugula kota (buledi woikamo zakudya zina m'kati) ndi tchipisi masana. Mumaphika poto wamkulu Lamlungu n'kumapatulako mpaka Lachinayi. Ndalama zikupulumuka, pitirizani. Koma nyengo yotentha ino, munthu akayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba, ukamufunsa yankho limakhala limodzi: "Komatu ndinatenthetsa."

Abale, chakudya chimene chagona pa chitofu moto sungachikonze.

Za kusamba m'manja, ntchentche ndi mpeni wodulira nkhuku yaiwisi mukuzidziwa kale. Tizilombo timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chovuta kwambiri ndi mpunga. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe kamapirira kuphika. Mpunga ukagona mu poto, kachilomboka kamatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetse mu microwave mpaka utuluke nthunzi. Kusanza kumayamba pasanathe maola 6. Ndipo mpungawo sununkha, suoneka wosasa. Mphuno yanu singakuuzeni kanthu.

Ena amati tinakulira mkute ndipo sitinafe. Mkute unkadyedwa m'mawa mwake, sunali nyama ya masiku anayi.

Mukaphika, gawani m'timakontena ting'onoting'ono kuti chizizire msanga, chilowe mu filiji pasanathe maola 2. Mpunga ulowe pasanathe ola limodzi, ndipo mudye mawa lake. Ndiwo zisapitirire masiku 3. Za Lachinayi ziumitseni mu freezer. Tenthetsani chokhacho chimene mudye, kamodzi kokha, mpaka chitenthe ndi m'kati momwe. Magetsi akazima musatsegule filiji, imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Akapitirira apo, nyama, nsomba ndi mpunga wophika tayani. Inde zimapweteka, koma musanene kuti "nditenthetsa".

Opaka buledi ndi polony, kumbukirani matenda a listeriosis a 2017 ndi 2018 amene anapha anthu oposa 200 m'dziko muno. Kachilombo ka Listeria koyambitsa matendawa kamaswana ngakhale mu filiji. Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi n'chochepa asadye nyama zozizira zotere osaziphika.

Mukayamba kutsekula, imwani pang'onopang'ono madzi awa: lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, masupuni a tiyi 8 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha kwambiri, kusanza kosalekeza, mkodzo utasiya kubwera, kapena mwana atafooka maso atalowa m'kati, musadikire kuti muweruke kaye pa kompyuta. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kapena imbani 112 pa foni ya m'manja. Chakudya chotsala mu poto uja musapatse ana, chitayeni.