Yankho limodzi lomwe linayatsa moto ku Loudoun

Mu 2025 unduna wa zamaphunziro ku America unalamula maboma asanu a kumpoto kwa Virginia kuti asiye kulola ana asukulu kulowa zimbudzi ndi zipinda zosinthira zovala motengera mmene amadzimvera, kaya ngati mnyamata kaya ngati mtsikana. Bodi yoyendetsa sukulu m'boma la Loudoun inakana. Mkanganowu unayamba kale, ndipo mizu yake ili mu 2021.

Mu 2020 aphungu a ku Virginia anakhazikitsa lamulo loti boma lililonse likhale ndi ndondomeko yoteteza ana a transgender, ana omwe anabadwa ali anyamata koma amadziona ngati atsikana, kapena mosemphanitsa. Loudoun, boma lolemera kwambiri lomwe lili pafupi ndi Washington, linalemba yake, Policy 8040. Makolo anagawanika pawiri. Mphunzitsi wa zamasewero, Tanner Cross, ananena pamsonkhano kuti chikhulupiriro chake sichimulola kutchula mnyamata kuti mtsikana; anamuimitsa ntchito, khoti n'kumubwezeretsa.

Koma tsiku lomwe zinthu zinatembenuka ndi 22 Juni 2021. Anthu oposa 200 analembetsa kuti ayankhule pamsonkhano wa bodi. Mmodzi wa mamembala anafunsa mkulu wa sukulu zonse m'bomalo, Scott Ziegler, ngati ana amachitiridwa nkhanza m'zimbudzi. Iye anayankha kuti malinga ndi zomwe akudziwa, palibe mlandu wotero m'mabuku awo. Chikhalirecho, m'holomo munali bambo yemwe mwana wake wamkazi anagwiriridwa m'chimbudzi cha atsikana pa Stone Bridge High School pa 28 Meyi, pasanathe ndi mwezi womwe. Msonkhano unasokonekera, bamboyo anakangana ndi mayi wina, apolisi n'kumugwetsera pansi ndi kumumanga maunyolo, milomo ikuchucha magazi. Chithunzicho chinafala dziko lonse ngati chitsanzo cha kholo lovutitsa. Panthawiyo n'kuti anthu ambiri asakudziwa chomwe chinkamuwawa.

Kenaka kunatuluka imelo yomwe Ziegler yemweyo analembera mamembala a bodi pa 28 Meyi pomwepo, yowadziwitsa za mlanduwo. Mu Okutobala, imeloyo isanatuluke, Ziegler anapepesa, akuti anamva funso molakwika, ankaganiza kuti akufunsidwa za ana a transgender okha. Mwina ndi zoona. Koma pofika nthawiyo mnyamata yemwe anagwirira mtsikana uja anali atasamutsidwira ku Broad Run High School, komwe pa 6 Okutobala anachitira nkhanza mtsikana wachiwiri.

Apa ndi pomwe maumboni amafunika kuwaika pasikelo. Otsutsa ndondomeko amatsindika kuti mnyamatayo anavala siketi tsikulo, ndipo zimenezo zinamvekadi m'khoti. Komabe Policy 8040 inavomerezedwa pa 11 Ogasiti, miyezi iwiri ndi theka chichitikireni mlanduwo, choncho si iyo inamutsegulira chitseko. M'khoti munamvekanso kuti awiriwo ankadziwana ndipo anapangana kukumana m'chimbudzimo, zomwe sizichepetsa mlandu ngakhale pang'ono. Mayi wa mnyamatayo anauza atolankhani kuti mwana wawo si transgender. Nkhani ziwiri zosiyana zinamatidwa pamodzi, ndipo chomatira chake chinali yankho la Ziegler lija.

Andale sanachedwe. Glenn Youngkin anakopa anthu ndi mfundo ya ufulu wa makolo, ndipo mu Novembala anagonjetsa Terry McAuliffe pachisankho cha bwanamkubwa wa Virginia. Atangolowa mu ofesi analamula kafukufuku. Gulu lapadera la khoti linatulutsa lipoti mu Disembala 2022: silinapeze kuti akuluakulu anachita kupangana kubisa nkhaniyo, koma linati ankateteza zofuna zawo m'malo moteteza ana, aphunzitsi anali atachenjeza kale za khalidwe la mnyamatayo, ndipo nkhanza yachiwiri ikadapeweka. Mawa lake bodi inachotsa ntchito Ziegler. Mu 2023 Youngkin anakhululukira bambo uja mlandu wake.

Mu Novembala chaka chomwecho anthu anasankha bodi ya nkhope zatsopano zokhazokha, yomwe inasunga Policy 8040 ngakhale Youngkin anali atatulutsa malangizo ena osemphana nayo. Ana a transgender, omwe sanapalamule kanthu pa Stone Bridge, ndiwo akukambidwabe pamisonkhano ya bodi, ndipo ndalama zomwe boma la Washington limapereka kusukuluzo tsopano zalowa mumkanganowo.