Kunenepa kopitirira muyezo pakati pa ana a sukulu: uthenga kwa aphunzitsi ndi makolo

Kwathu kuno mwana akanenepa timati akudya bwino, ndipo agogo ake amanyadira. Nkosadabwitsa, chifukwa kwa zaka zambiri takhala tikulimbana ndi kunyentchera ndi kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 5 mwa 100 anali onenepa kupitirira muyezo, komanso amayi 21 mwa 100. Mavuto awiriwa tsopano akupezeka m'kalasi imodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi. Padziko lonse, bungwe loona zaumoyo la WHO linawerengera kuti mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali opitirira muyezo.

Mwana wonenepa kwambiri nthawi zambiri amakula nako. Amakhala pachiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mafuta m'chiwindi, kupweteka kwa mawondo ndi chiuno, ndiponso kubanika kutulo. Palinso lina limene sikelo singaonetse: kusekedwa ndi anzake mpaka kudana ndi sukulu.

Kudziwa ngati mwana wapitirira muyezo

Maso amanama. Muyezeni mwana atavula nsapato ndi juzi, pa sikelo yoikidwa pamalo osalala ndi olimba. Msinkhu wake yezani ataima chilili, zidendene ndi msana zitakhudza khoma. Kenako tengani kulemera kwake m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu wake m'mamita, yankho lake mugawenso ndi msinkhu womwewo. Nambala yotuluka ndiyo BMI, muyezo woyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu.

Mwachitsanzo, mnyamata wa zaka 10 wolemera makilogalamu 45, wa msinkhu wa mamita 1.40: 45 kugawa ndi 1.40 kawiri kukupatsani pafupifupi 23. Kwa munthu wamkulu 23 alibe vuto, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pa tchati cha WHO cha ana, mnyamata wa zaka 10 akadutsa 18.5 ndiye kuti wapitirira muyezo, akadutsa 21.4 ndiye kuti wanenepa kwambiri. Atsikana ali ndi tchati chawo, ndipo malire amasintha malinga ndi zaka za mwana. Choncho nambala ya mwana iwerengedwe pa tchati ndi mlangizi wa zaumoyo kapena namwino. Kuyeza kamodzi kapena kawiri pachaka nkokwanira, ndipo kuchitike pamalo poduka mphepo, osati pamaso pa kalasi yonse.

Chenjezo lofunika: kutupa si kunenepa. Mwana wotupa mapazi, miyendo kapena nkhope akhoza kukhala wonyentchera kwambiri, kapena ali ndi vuto la impso kapena mtima. Dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3. Ngati chala chasiya dzenje, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mphindi 60 tsiku lililonse

Mwana wa zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi zosachepera 60 patsiku za masewera otulutsa thukuta, ndipo masiku 3 pa sabata pakhale masewera olimbitsa mafupa ndi minofu monga kudumpha, kuthamanga ndi kukwera. Muyezo wake ndi wosavuta: ngati mwana akutha kuyankhula koma sangathe kuimba, thupi likugwira ntchito mokwanira.

Mphindi 60 siziyenera kukhala za nthawi imodzi, ndipo sizifuna bwalo la simenti. Sukulu ikhoza kuzigawa motere: mphindi 10 za kuvina kapena kuthamanga pamalo amodzi ukatha msonkhano wa m'mawa, mphindi 3 mpaka 5 zoimirira ndi kudziongola pakati pa maphunziro awiri, makamaka m'makalasi amene ana amakhala pansi mopanikizana, buleki yonse ikhale yosewera panja, ndipo nthawi ya masewera imene ili pa ndandanda wa maphunziro isungidwe. Imeneyi ndiyo imabedwa kawirikawiri. Mayeso akamayandikira, makamaka mu Sitandade 8, nthawi ya masewera imasanduka ya masamu, chonsecho mwana amene wathamangako amamvetsera bwino akabwerera m'kalasi.

Zosewerera zilipo kale: chingwe cha jingo, mpira wa chikulunga, fulaye, chipako. Magule monga chimtali, chiterera, beni, malipenga ndi ingoma amatulutsa thukuta kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo amakopa ana amene mpira sauwakomera. Ku Stirling, m'dziko la Scotland, sukulu ina ya pulayimale inayamba mu 2012 kutulutsa ana onse kwa mphindi 15 tsiku lililonse kuti akathamange kapena kuyenda mofulumira ali mu yunifolomu yawo, ndipo njirayi inafalikira kumayiko ambiri. Chinsinsi chake ndi chakuti palibe mpikisano, palibe wotsala.

Cholakwika chachikulu pa nthawi ya masewera ndi ichi: mpira umodzi, ana 90, osewera 22, ena onse akhala pansi pa mtengo kuonerera. Amene amakhala pansiwo ndi omwe aja akufunika kuthamanga. Gawani kalasi m'magulu a ana 8 kapena 10, gulu lililonse ndi sewero lake, ndipo muzisinthanitsa pakatha mphindi 10. Pewani masewera amene wolephera amatuluka, chifukwa mwana wolemera thupi ndiye amatuluka koyamba. Pogawa magulu, musalole ana awiri kusankha anzawo poyera. Ndipo kuthamanga kuzungulira bwalo kusakhale chilango. Mwana akazolowera kuti kuthamanga ndi chibalo, sadzakufunanso. Atsikana akatha msinkhu ambiri amasiya kusewera chifukwa chosowa malo osinthira ndi madzi pa nthawi ya msambo. Vuto limeneli a gulu la amayi la pasukulu angathandize kulithetsa. Mwana wa mphumu azisewera, bola mankhwala ake opumira akhale pafupi. M'miyezi yotentha ya October ndi November, masewera olimba achitike m'mawa ndipo madzi akumwa akhale pafupi.

Phunziro la zakudya lifike m'mbale

Ana ambiri amatha kutchula magulu 6 a zakudya osaonera: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Belu likalira, omwewo amathamangira kuchipata kukagula mandasi, majigi ndi mafilizesi. Kuloweza kokha sikusintha kadyedwe. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana waonetsa kuti phindu limaoneka pamene phunziro layendera limodzi ndi masewera komanso kusintha kwa zimene mwana amazipeza pafupi naye, ndipo ngakhale pamenepo limabwera pang'onopang'ono.

Phunziro limodzi limene ana saiwala ndi la shuga. Bweretsani botolo la chakumwa chozizira, kapu yoonekera mkati, shuga ndi supuni yaing'ono. Supuni imodzi yosadzaza mpaka mulu ndi magalamu 4. Ana awerenge pa botolo kuchuluka kwa shuga mu mamililita 100, awerengere botolo lonse, kenako athire m'kapumo. Zakumwa zambiri zotere zili ndi magalamu pafupifupi 10 mu mamililita 100, kotero botolo la mamililita 300 limadzaza masupuni 7 kapena 8. Bungwe la WHO limati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri atachepera theka la pamenepo, lomwe kwa munthu wamkulu ndi masupuni 6. Chitani chimodzimodzi ndi tiyi wakunyumba, thobwa ndi sikwashi. Ena amati shuga wathu ndi wabwino poti muli vitamini A. Vitaminiyo alimodi, koma amapezekanso mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya ndi masamba obiriwira.

Phunziro lachiwiri ndi la mbale. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru. Gawo limodzi mwa magawo 4 likhale nsima, makamaka ya mgaiwa, kapena mpunga, mbatata, chinangwa. Gawo lotsalalo likhale nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena nyama. Mwana wa zaka 6 mpaka 9 amafunika magalamu 350 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo kuyambira zaka 10 magalamu 400, ndiko kuti pafupifupi manja odzaza 5. Chipatso adye chathunthu; chofinya madzi chimataya zotsalira zimene zimakhutitsa. Dimba la sukulu likhale kalasi: mwana amene wathirira yekha bonongwe savuta kumudya.

Phala la kusukulu lisaimitsidwe poopa kunenepa. Mwana amene wabwera ndi njala ndiye amagula zotsekemera pa buleki. Chofunika ndi kutsatira muyezo wa ufa ndi madzi, ndipo ana asamabwere ndi shuga wothira m'kapu.

Amayi ogulitsa kuchipata si adani. Ndi makolo a ana omwewo ndipo akusaka sopo. Kuwathamangitsa kumangowasuntha mamita ochepa. Komiti ya sukulu ikhale nawo pansi ndi kugwirizana kuti malo apafupi ndi chipata apatsidwe kwa ogulitsa nthochi, magwafa, masuku, mtedza, chimanga chophika, mbatata ndi mazira owiritsa, zonse zovundikira bwino. Pasukulu pakhale madzi abwino akumwa, apo ayi ludzu lidzathera pa mafilizesi.

Zimene makolo ayenera kudziwa

Musamane mwana chakudya, musamudumphitse chakudya cha m'mawa, ndipo musamupatse tiyi kapena mankhwala ochepetsa thupi ogulitsidwa pamsika ndi pa intaneti. Mwana akukula. Kwa ambiri cholinga ndi chakuti kulemera kuime kapena kukwere pang'onopang'ono pamene msinkhu ukuwonjezeka. Kusintha kukhale kwa banja lonse, osati iye masamba pamene ena akudya tchipisi. M'malo mwa ndalama yodyera, mulongedzereni chakudya. Ngati sukulu ili pafupi ndipo njira ndi yotetezeka, ayende wapansi kapena apalase njinga m'malo mokwera kabaza. Foni ndi wailesi yakanema zisadutse maola 2 patsiku, ndipo zizimitsidwe pa nthawi ya chakudya. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 agone maola 9 mpaka 12. Wosagona mokwanira amamva njala kwambiri masana.

Pitani ndi mwana kuchipatala mukaona izi: khungu la kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa lada ndi kukhuthala ndipo silichoka posamba, chifukwa limeneli si litsiro koma chizindikiro chakuti thupi likuvutika ndi shuga, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kuliza mkonono mpaka mpweya kuduka, kutsimphina kapena kudandaula chiuno ndi bondo asanagwe, kunenepa mofulumira pamene msinkhu waima, kapena kubisa chakudya ndi kudzisanzitsa. Tengani buku lake lakuchipatala, ndipo muuze adokotala mankhwala onse amene akumwa, chifukwa ena, monga prednisolone ndi mankhwala ena a khunyu, amanenepetsa. Mankhwala oterewa musawasiye panokha.