Ndikufuna kuphunzira zothandiza anthu ovutika kulankhula: ndiyambire pati?

Nditabwera kutchuthi kuno ku Nkhotakota, aphunzitsi anga akale anandipempha kuti ndicheze ndi ana a Fomu 4 za maphunziro omwe ndikuchita kunja kwa dziko lino. Belu linalira manja akadali m'mwamba, ndiye anawo anandilembera mafunso awo pa timapepala. Mayankho ake ndi awa, achimwene ndi achemwali anga.

Kodi ntchito imeneyi ndi yotani kwenikweni?

Pa Chingerezi amati speech and language therapy, pomwe ku America amati speech-language pathology. Katswiri wake amathandiza mwana wochedwa kulankhula, wachibwibwi, wobadwa ndi mlomo wong'ambika, komanso wamkulu amene sitiroko yamulanda mawu. Chomwe ambiri amadabwa nacho n'chakuti amathandizanso ovutika kumeza, chifukwa minofu yomwe timalankhulira ndi yomwenso timamezera. Wodwala akamatsamwa ndi phala tsiku ndi tsiku, phalalo limalowerera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Kuno kunyanja odwala otere sitiwasowa. Mwana wopulumuka ku malungo a m'bongo nthawi zina amatuluka m'chipatala atasiya kulankhula. Wina amatuluka mafinya m'khutu kwa zaka, samva bwino, ndipo mawu amene sakuwamva sangawatchule.

Inuyo chinakukokani n'chiyani?

Agogo anga aamuna. Anali msodzi wa chilimila, ndipo sitiroko inawapeza m'mawa akusoka ukonde. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a BP, pang'ono ndi pang'ono anayamba kuyendera ndodo, koma mawu sanabwerere. Akafuna madzi, pakamwa pankatuluka "moto". Ankadziwa kuti aphonya: ankamenya mphasa ndi dzanja lamanzere, misozi ili lengelenge, ife tikuthamangira kukhitchini kukapala makala omwe sanawafune. Ena ankati asokonezeka mutu, ena ankati zimenezi n'za anthu.

Tsiku lina amayi a Mvano anabwera kudzawazonda n'kuyambitsa nyimbo. Agogo anaimba nawo ndime yonse, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Ine ndinali pakhomo, chikho chili m'manja, ndipo ndinangoti kakasi. Patapita zaka m'pamene ndinadziwa kuti vutoli limatchedwa aphasia. Kwa anthu ambiri, mbali ya ubongo yosamala chilankhulo ili kumanzere, zomwe dokotala wa ku France, Paul Broca, anayamba kuzionetsa mu 1861, ndipo mbali yomweyo ndi imene imayendetsa thupi la kumanja. Nzeru za agogo zinali zonse. Chikanangopezeka chithunzi cha chikho choti aloze, kapena munthu wodziwa kuwadikira, zaka zawo zomaliza sizikanakhala zachete chonchija.

Pa MSCE pakufunika chiyani?

Kuti muganiziridwe ku yunivesite ya boma mumafunika makirediti 6, imodzi ikhale ya Chingerezi. Kirediti ndi giredi 3 mpaka 6, pomwe 1 ndi 2 ndi distinction. Maphunziro a zaumoyo amayang'ananso Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo olimbirana malo ndi ambiri, choncho magiredi a 6 sangakufikitseni patali. Chichewa musachitaye n'kumati n'chophweka. Ndifotokoza chifukwa chake kumapetoku.

Nanga amaphunzira kuti?

Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadutsa ku National Council for Higher Education, NCHE, yomwe imatulutsa mndandanda wa maphunziro onse omwe alipo chaka chimenecho ndi zofunika pa aliwonse. Muuwerenge nokha mndandandawo, makamaka gawo la KUHeS, yunivesite ya zaumoyo yomwe inayamba mu 2021 College of Medicine itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Musadalire zongomva.

Kunja, Makerere University ku Uganda inayamba digiri imeneyi mu 2008, ndipo ku South Africa iliko ku University of Cape Town, Wits ndi Pretoria, komwe imatenga zaka 4. Palinso njira zoyandikana nayo kwathu konkuno. African Bible College ku Lilongwe imaphunzitsa audiology, ukatswiri wa zakumva, ndipo Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Njira zimenezi musaziyese zongogwirizira. Mwana wosamva amafunika anthu atatu onsewa: katswiri wa zolankhula, wa zakumva ndi mphunzitsi.

Makolo anga alibe ndalama. Pali chithandizo?

Chilipo ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015 kuti lizibwereketsa ndalama ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka m'dziko muno. Mumapempha mutapatsidwa kale malo. Imeneyi ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza, ndipo ndalama zomwe mudzabwezezo ndi zomwe zidzaphunzitse mng'ono wanu.

Ndikamaliza ndingayambe pomwepo kuona odwala?

Ayi. Pamafunika kulembetsa kaye m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la mu 1987. Silimalemba madokotala okha, limalembanso ena ogwira ntchito zaumoyo, ndipo chiphaso chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Ngati munaphunzira kunja, mapepala anu amayenera kuunikidwa kuti atsimikize kuti sukulu yanu ndi yovomerezeka. Fufuzani zimenezi musanalipire fizi, osati mutabwera ndi satifiketi.

Mmodzi wa inu analemba pansi pa funsoli kuti, "Koma si kungocheza ndi wodwala basi?" Ndikumvetsa, chifukwa poonera patali zimaoneka choncho. Koma tangoganizirani munthu wosaphunzira bwino akuuza mlezi kuti wodwala wasitiroko azimwa madzi ambiri, asanaone ngati akumeza bwino. Madzi ndi amene amathamangira ku njira ya mpweya kuposa phala lolimbirako. Wodwala uja sangathe n'kudandaula komwe. Ine lamulo lolembetsali ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa odwala athu ambiri ndi anthu osatha kudzinenera.

Mumawerenga bwanji kuti zinthu zilowe?

Za kapangidwe ka thupi ndimaloweza monga wina aliyense: minofu ya lilime, kholingo, mitsempha yochokera ku ubongo. Ndimajambula pamanja mpaka nditatha kujambula osayang'ana m'buku. Koma gawo lalikulu limalowera m'khutu, ndipo limenelo mungaliyambe lero, muli Fomu 4.

Imani pagalasi, ikani dzanja patsogolo pa kamwa, nenani "pala" kenako "phala". Pa liwu lachiwirilo mumva kampweya kakuwomba dzanja. Kampweya kameneko pa Chichewa kamasintha tanthauzo, pomwe pa Chingerezi sikasintha kanthu. Nenani "mtengo" wa mango, kenako "mtengo" wa usipa pa doko: zilembo n'zofanana, kusiyana kuli pa kukweza ndi kutsitsa mawu. Mabuku athu ambiri analembedwa poganizira mwana wolankhula Chingerezi, ndipo mukawatsatira mwachimbulimbuli mudzaweruza kuti mwana wosakaniza l ndi r ali ndi vuto, chonsecho ndi mmene tonse timalankhulira. Chimodzimodzi mwana wa ku Dwangwa wosakaniza Chitonga ndi Chichewa, kapena wa ku Salima amene kunyumba amamva Chiyao. Zilankhulo ziwiri sizimudwalitsa mwana. N'chifukwa chake ndinati Chichewa musachitaye.

Ndili ndi kope lomwe ndimalembamo zolankhula ana a achemwali anga, ndendende mmene azitchulira, pamodzi ndi msinkhu wawo. Ana ambiri amatchula liwu loyamba akamakwanitsa chaka chimodzi, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Mukamva ana ambiri m'pamene khutu limazindikira msanga amene watsalira. Phunziraninso chinenero chamanja. Sukulu ya ana osamva ya ku Mua, m'boma la Dedza, si kutali ndi Salima.

Mng'ono wanga ali ndi chibwibwi. Ndichite chiyani panopa?

Funso ili linabwera pa kapepala kopanda dzina, ndipo ndi limene ndaliganizira kwambiri. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, chimakonda kuyenda m'magazi, ndipo ana ambiri chimawathera okha. Sichibwera chifukwa cha mantha kapena kupusa. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti "fulumira", ndipo inuyo muzilankhula naye modekha. Akakakamira pa liwu, muyang'aneni m'maso monga mwa nthawi zonse mpaka alitulutse. Anzake akamamuyeserera, aletseni. Chikapitirira miyezi 6, kapena mukaona kuti wayamba kupewa kulankhula, auzeni makolo apite naye ku chipatala cha boma, akafotokoze bwinobwino ndi kupempha kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe.