Dontho limodzi la pachala si kupopa magazi

Makolo a ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Masasa ndi Mzuzu yense, ine ndine namwino. Mvula ino yabwera ndi malungo, yabweranso ndi mphekesera ija: akuti magazi amene timatenga kuchipatala, ndi amene a kafukufuku amatenga akamayenda m'makomo ndi alangizi a zaumoyo, amakagulitsidwa. Ena afika potchula anamapopa.

Za malungo mukuzidziwa kale. Amafala ndi udzudzu waukazi wa anofelesi umene umaluma usiku. Gonani m'neti, kwirirani zithaphwi, ndipo musamanamizane kuti kuzizira kwa Mzuzu kumathamangitsa udzudzu. Izi ndadutsapo mofulumira dala. Chimene chikundisowetsa tulo ndi kuchedwa.

Mayi wina anabwera ndi mwana atatentha thupi masiku anayi, akungomumwetsa Panado wa pagolosale. Nditatambasula kachikhatho kake, kanali koyera ngati pepala. "Asisita, ndimaopa kuti mumupopa magazi," anatero. Ndinawauza kuti amayi, wapopa kale mwanayu ndi malungo. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, tsiku lililonse limene mwakhala pakhomo. Mwana uja tinachita kumuthira magazi, ochokera kwa anthu opereka mwaulere kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service, ambiri a iwo ana asukulu. Mwana wa mayi amene ankaopa kutaya dontho anapulumuka ndi magazi a mwana wa mnzake.

Poyeza malungo timabaya pachala, kadontho kamagwera pa kachipangizo kapulasitiki, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka inu muli pomwepo mukuona. Dontho limenelo angagule ndani? Mwana akapezeka nawo timapereka mankhwala a LA, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mumalizitseni, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri.

Za kafukufuku tsono. Kufunsa si kulakwa, ndipo ine ndimakondwera ndi kholo lofunsa. Kafukufuku wa zaumoyo sayamba asanavomerezedwe ndi komiti yoteteza anthu otenga nawo mbali, monga NHSRC ya boma. Ofufuzawo ayenera kuonetsa chiphaso, kukufotokozerani m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti atenga magazi ochuluka bwanji ndipo apita nawo kuti, kenako musaine kapena kudinda chala mwa kufuna kwanu. Mukakana, thandizo lanu kuchipatala silisintha. Katemera wa malungo amene Malawi inayamba kupereka kwa ana mu 2019, dziko loyamba kutero, anachokera m'kafukufuku wotere, ndipo makolo a kuno kwathu anatengamo mbali.

Ndiye kanani kafukufuku ngati mtima sukufuna, ndi ufulu wanu. Koma kuyezetsa mwana wodwala si kafukufuku, chonde musasakanize ziwirizi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa kummwera, itayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe. Imaphanso ana mwakachetechete kumbuyo kwa amayi awo, pamene banja likudikira kuti agogo kapena bambo anene kaye.

Mwana akatentha thupi, afike kuchipatala pasanathe maola 24. Akamakomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kufookeratu, kapena zikhatho zikayera, musadikire kuti kuche, musadutsirenso kwa asing'anga. Kwerani kabaza, lunjikani ku Mapale kapena chipatala chimene muli nacho pafupi usiku womwewo.