Nkhondo ya pa thabwa limodzi: kapangidwe ka diorama ndi zinthu za konkuno

Diorama ndi kachigawo ka dziko kochepetsedwa n'kuikidwa pa thabwa. Pamakhala msewu, mitengo, galimoto ndi anthu, zonse ting'onoting'ono koma zoyenderana msinkhu, mwakuti woona amakhala ngati wasuzumira pamalo pamene zinthu zinachitikadi. Ine ntchito yanga ndi yopanga timanyumba ndi timalo totere, kwambiri ta anthu ojambula mapulani a nyumba ndi ta masukulu. Koma mafunso ochuluka amene ndimalandira ndi a zankhondo. Aphunzitsi amafuna choonetsa ana pa 25 Seputembala, tsiku limene nkhondo ya ufulu wa Mozambique inayamba mu 1964. Anyamata ena anaona zithunzi pa intaneti ndipo amafunsa ngati zingatheke kuno ku Tete, kumene kupeza zidutswa zopangiratu za m'bokosi n'kovuta. Zimatheka ndithu, bola mukhale ndi rula komanso muyang'ane bwino dothi limene mukupondalo.

Tiyambe ndi muyeso, chifukwa ukalakwika palibe penti imene ingabise. Ambiri opanga za asilikali ndi magalimoto awo amatsata 1:35, muyeso umene kampani ya Tamiya ya ku Japan inautchukitsa. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chenicheni mumachigawa ndi 35. Munthu wotalika masentimita 170 amatsala pang'ono kukwana masentimita 5. Mfuti ya G3, yotalika pafupifupi mita imodzi, imakhala ya masentimita 3. Galimoto ya Unimog ya mamita pafupifupi 5 imabwera pa masentimita 14. Vuto limabwera pa mitengo: mlambe wa mamita 15 umafuna masentimita 43, ndiye kuti waphimba zonse. Ngati mtima wanu uli pa mlambe wathunthu kapena pa helikopita, tsikirani pa 1:72, pamene mlambe womwewo ndi masentimita 21 koma munthu sakwana awiri ndi theka, ndipo kumuumba ndi manja ndi ntchito yowawitsa maso. Woyamba kumene ndimamulangiza 1:35. Musanachite chilichonse dulani kamunthu ka katoni ka masentimita 5, muzikaimika pafupi ndi mwala uliwonse, chitseko chilichonse, udzu uliwonse. Kakakana, chotsani.

Kenaka sankhani chimene mukufuna kuonetsa, ndipo chikhale chimodzi. Apa m'pamene ambiri amasochera, chifukwa zithunzi zodzaza pa intaneti ndi za akasinja a ku Germany ali m'chipale chofewa. Nkhondo ya kuno sinali yotero. Frelimo, gulu limene linkamenyera ufulu kwa atsamunda a Chipwitikizi, inatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo ntchito yomanga damu la Cahora Bassa itayamba mu 1969, misewu yopita ku Songo, tauni ya pafupi ndi damulo, inasanduka malo olimbiranapo. Inali nkhondo ya mabomba okwirira ndi kubisalirana. Asilikali a Chipwitikizi ankayenda mumndandanda wa magalimoto a Unimog ndi Berliet, atayala matumba a mchenga pansi pa galimoto, ena atatsogola wapansi akubaya msewu ndi tizitsulo tosongoka kufufuza mabomba. Mumlengalenga munkadutsa helikopita za Alouette III. A Frelimo ankayenda wapansi ndi mfuti za AK-47, katundu ali pamutu, ndipo ambiri mwa osenzawo anali amayi. Ndiye onani: galimoto yaima, anthu atatu ali patsogolo awerama, wina pamwamba akuyang'ana kutchire. Nkhani yakwana. Kapena osenza katundu akupuma pansi pa mtengo wa masawu, zimene sizifuna galimoto n'komwe. Ine sindipanga mitembo ndi magazi. Kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu, mudzi wa m'chigawo cha Tete muno, kunachitika pa 16 Disembala 1972, ndipo nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1992. Amene anataya abale awo tikukhala nawo m'midzi momwemu, ndipo ndi omwewo amene adzabwere kudzaona ntchito yanu kusukulu. Komanso kamphindi koti chinthu chatsala pang'ono kuchitika kamagwira woona kuposa utsi wa thonje.

Thabwa la plywood la masentimita 30 kwa 40 ndi lokwana. Lipakeni vanishi mbali zonse ziwiri, apo ayi likamwa madzi a guluu lipindika. Zitunda ndi zigwa mumazisema pa chofewa choyera chija chimene chimabwera m'makatoni a firiji ndi TV. Chimateni ndi guluu woyera wa akalipentala basi, chifukwa guluu wonunkha wa nsapato ndi penti yopopera zimachisungunula mukuona. Pamwamba pake yalani timapepala ta nyuzi toviika m'guluu wosungunula ndi madzi. Msewu usayende mofanana ndi m'mphepete mwa thabwa, uzidutsa chopingasa, kuti diso likhulupirire kuti ukupitirira.

Tsopano dothi, limene kwa ine ndilo theka la ntchito yonse. Anzathu akunja amagula dothi la m'mabotolo, ife tili nalo pakhomo, koma silingathiridwe mmene lilili. Kamchenga ka milimita imodzi, pa 1:35 kakuimira mwala wa masentimita atatu ndi theka. Mukangotapa mchenga wa kumtsinje n'kuwaza, msewu wanu wasanduka wa miyala yokhayokha. Sefani ndi kasefa ka tiyi, zotsikazo musefenso ndi sokosi yopyapyala ya amayi. Fumbi lomalizalo ndilo la msewu, zotsala m'sefa ndizo timiyala ta m'mbali. Dothi la pachulu ndi labwino chifukwa chiswe chinasefa kale. Likazingeni pang'ono m'chiwaya chakale kuti nkhungu ndi mazira a tizilombo zife.

Muganizirenso kuti nkhani yanu ili kuti, pakuti Tete si mmodzi. Kumtunda ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kuli katondo wofiira, udzu wautali ndi mitengo yobiriwira. Kuchigwa cha Zambezi, cha ku Changara ndi Moatize, nthaka ndi yotuwa, ya miyala, ya milambe, tsanya ndi minga. Munthu wa ku Furancungo, kumtunda ku Macanga, akaona mlambe utazunguliridwa ndi katondo wa kwawo adziwa nthawi yomweyo kuti mwasakaniza. Nyengo nayo isankhidwe. Chilimwe ndi chosavuta: udzu wouma, pena lupsa lakuda, milambe yopanda masamba. Dzinja limafuna matope, zithaphwi ndi masamba ochuluka.

Pomata, pakani guluu pamalopo, wazani dothi, kenaka donthezani pamwamba guluu wosungunula, gawo limodzi la guluu pa magawo atatu a madzi, mutathiramo kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopoyo amathandiza kuti madzi alowe pansi m'malo moima timibulu n'kukokolola fumbi. Pasanaume dindani mikwingwirima ya matayala ndi mapazi, ndipo galimoto muikanikize pang'ono kuti matayala amire. Galimoto ya matani angapo siima pamwamba pa fumbi. Dothi likauma ndi guluu limada kuposa mmene linalili, choncho mudzaliwalitsanso ndi penti yotuwa pamapeto.

Udzu ndi chingwe cha khonje chomasula. Dulani timitolo, viikani kumunsi m'guluu, bzalani m'timabowo. Tsekera wa mamita awiri ndi masentimita 6, wopitirira kamunthu kanu kaja, ndipo n'zoona kuti m'tchire lotero munthu sankaoneka. Musabzale m'mizere ngati mpunga, utalike mosiyanasiyana. Nthambi zabwino kwambiri ndi mizu youma ya tizitsamba, yozondotsa. Thunthu la mlambe mumapota mawaya a nthambo yakale ya magetsi, n'kukulunga mapepala a guluu mpaka litanenepa. Masamba ndi siponji ya matiresi akale yoperesa n'kuinyika mu penti, ndipo masamba a tiyi ophika kale, akauma, amakhala zinyalala za pansi pa mtengo.

Amene munakula mukupanga magalimoto a mawaya manja muli nawo kale, chimene chinkasowa nthawi ija ndi rula. Pezani zithunzi za galimotoyo za kumbali, kutsogolo ndi kumbuyo, jambulani pa pepala pa muyeso wake, ndipo mudule zidutswa pa katoni yolimba, pa pulasitiki ya makadi akale a foni, kapena pa chitini. Matayala ndiwo amavuta. Mwamwayi tayala la Unimog ndi pafupifupi mita imodzi, ndipo chitsekerero cha pulasitiki cha botolo la zakumwa chili pafupi ndi masentimita 3 amene tikufuna. Chikulungeni ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, mutemeteme mano ndi lezala. Tenti ya kumbuyo ndi pepala lofewa la kuchimbudzi lonyowetsa ndi guluu, limene likamauma limachita makwinya ngati tenti yeniyeni.

Anthu mumayamba ndi mafupa a waya, n'kuwaveka mnofu wa phala lomatira la mitundu iwiri lija limene amakanika amatsekera nalo radiator yodontha. Limauma msanga, choncho sakanizani pang'onopang'ono. Mutu usapitirire mamilimita 7. Pafupifupi aliyense woyamba amakulitsa mutu ndi manja. Maso musawapake zoyera, kamzere kakuda n'kokwana, pakuti munthu ali patali simumuona zoyera za m'maso. Za zovala ndi kanyamulidwe ka katundu funsani achikulire amene anaona; adzakuuzani zimene zithunzi sizionetsa, monga nsapato zimene anthu ankavala kapena kusavala.

Penti ikhale ya acrylic yosungunula ndi madzi, yosawala. Ya mafuta yonyezimira ya pa zitseko imasandutsa zonse zidole za ku sitolo. Mukapaka mtundu woyamba, thirani penti yakuda yosungunuka kwambiri kuti ilowe m'ming'alu ndi m'makona. Ikauma, tengani burashi youma, muigunditse penti yowalirapo, muipukute pa nsalu mpaka itatsala pang'ono kutha, n'kumasesa pamwamba kuti m'mphepete muwale. Pomaliza pakani fumbi lomwe lija la msewu pa matayala, pa nsapato ndi m'munsi mwa mathalauza, kuti galimoto, anthu ndi nthaka zikhale za malo amodzi.

Mukamaliza, adani ndi atatu: fumbi, mphemvu zimene zimadya guluu ndi mapepala, ndi kutentha kwa kuno kumene kumapinda pulasitiki. Pitani kwa wodula magalasi akudulireni zidutswa zisanu zoti zivindikire thabwalo, muzimate ndi silikoni, ndipo musaiike pawindo pofika dzuwa. Kutsogolo matani kapepala kolemba malo, chaka ndi muyeso. Ngati muyenda nayo pa chapa (minibasi) kupita kusukulu, galimoto ndi mitengo italiitali muzinyamule padera, mukazibzale mukafika.