Sikelo ikakwera mutangochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, si mafuta

Anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu akachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, thupi liyenera kuyamba kutsika tsiku lomwelo, ndipo sikelo ikakwera ndiye kuti opaleshoni yalephereka. Sizili choncho ayi.

Kulemera koonjezereka m'masiku oyambirira kumakhala kwa madzi. Kuchipatala amakuikani diripi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Komanso thupi likachekedwa limatupa, n'kutulutsa mahomoni amene amachititsa impso kusunga madzi ndi mchere. Mankhwala amphamvu opha ululu nawonso amadzimbitsa, ndiye zimene sizinatuluke m'mimba zimakwera nanu limodzi pa sikelo.

Tiyeni tiwerengetsere. Kuti thupi lipange kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika makalori (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700 oposa amene lagwiritsa ntchito. Munthu amene wachotsedwa 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, monga zimakhalira pa opaleshoni yochepetsa chifu yotchedwa sleeve gastrectomy, yemwe akungomwa timsuzi ndi zamadzimadzi pang'onopang'ono, makalori onsewo angawatenge kuti?

Cha m'sabata yachitatu sikelo imathanso kuima. Nthawi imeneyi thupi limakhala likubwezeretsa shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shugayo amasungidwa pamodzi ndi madzi. Kudzipima m'mawa uliwonse n'kudzisowetsa mtendere chabe. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Koma mwendo umodzi ukatupa, mukamabanika, mtima ukamathamanga kapena thupi likatentha, musadikire. Thamangirani kuchipatala, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha kapena pamene anasoka pakudontha.